Amene Anatentha Dambo la Nalikukuti

Kunacha kopanda mtambo, koma dzuwa linatuluka lofiira ngati diso lodwala. Mphepo ya mpoto, imene inawomba dzulo lake lonse, inali itagona, ndipo utsi unali utayala pamwamba pa nyanja ya Chilwa moti chilumba cha Chisi sichinkaoneka. Kutentha kwa Okutobala kunayamba anthu asanasukusule.

A Makisoni anaima m'mphepete mwa dambo la Nalikukuti manja ali kumbuyo. Dambo lonse linali lupsa. Misasa ya alimi a mpunga, matandala oyanikapo matemba, miono imene asodzi anaunjika podikira madzi, khola la ng'ombe la m'chilimwe, zonse zinali phulusa. Zomwe zinatsala zili chiimire ndi zikhomo zoyera za simenti zimene anthu a kampani ya nzimbe anakhoma mwezi wathawo.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa. Boma linanena kuti damboli ndi malo ake, ndipo linali pafupi kuligulitsa kwa kampaniyo. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anakana kwamtuwagalu. Anati dambo ndi la aliyense: wa mpunga, wa ng'ombe, wa bango, wotchera mbalame, ngakhale mlendo wongofuna udzu wofolera nyumba. Boma linayankha kuti lituma akuluakulu Lachisanu adzadzionere okha. Akadzapeza kuti anthu amaligwiritsadi ntchito, malonda aima. Akadzapeza tchire chabe, dambo lapita.

Moto unabuka Lachiwiri masana, mudzi wonse uli pamaliro a mkulu wa mpingo. Tsiku la maliro palibe amagwira khasu kapena kuponya khoka, choncho kudambo kunalibe munthu.

A Makisoni sanabadwire kuno. Anali mkamwini wochokera kwa Kuntumanji. Mkazi wawo Elenala atamwalira, achibale anachita mwambo wowasudzula kuti abwerere kwawo. Iwo anathokoza, n'kukagona, m'mawa mwake n'kupita kukapalira mpunga wa malemuyo. Palibe anawafunsanso. M'komiti ya chitetezo cha m'mudzi anawasankhiramo chifukwa cha kusalankhula kwawo: mawu owauza iwo ankamira ngati mwala m'matope a Chilwa.

Amene ankalankhula m'mawa umenewo anali Edwadi, msuweni wa malemu Elenala, wapampando wa komiti yoteteza dambo. Anali atakwera pachulu, thukuta lili kamukamu, akuuza anthu kuti wotentha safunika kumufufuza: ndi alonda awiri a kampani aja, ogona m'tenti pafupi ndi zikhomo. Iye dzulo anali ku Zomba kukadandaula za dambo lomweli, ndiye onani zimene achita atangotembenuka msana. Anyamata anayamba kutola zibonga. Ankati tenti ija nayo ilawe moto.

A Makisoni anaona patali. Tenti ikapsa, Lachisanu akuluakulu adzapeza phulusa kudambo, eni dambo ali m'chitolokosi.

"Alamu," anatero osakweza mawu, "zibonga zidikire mawa."

"Mawa? Alamu, kodi mukuyesa ndi dimba la kwa Kuntumanji ili?"

Ena anaseka.

"Mawa," anabwereza a Makisoni.

Anyamatawo ankawadziwa bwino. Munthu amene anakana kusudzulidwa sangasunthidwe ndi phokoso. Anatsitsa zibonga monyinyirika.

Anthu atabalalika, a Makisoni analowa okha pa lupsapo. Moto unayatsidwa kumpoto kwa dambo, malo angapo, kuti mphepo iukankhe motsata gombe usalowe kumudzi. Woyatsayo ankaidziwa mphepo ya kuno. Komabe mphepo aliyense angaiphunzire. Anapitiriza kutsetsereka, phulusa likuwafika m'akakolo, mpaka pafupi ndi pamene bango limayambira. Pamenepo anaima.

Pakati pa lupsa lakuda bii panali malo otuwa, ozungulira, aakulu ngati pansi pa nkhokwe. Moto sunafikepo. Munthu anali atapalapo ndi khasu, udzu n'kuukokera kunja. M'kati mwake munalibe msasa, munalibe mtengo, munalibe chilichonse choti munthu n'kuchiteteza. A Makisoni ananyonyomala. Mabala a khasu anali atsopano, timizu ta udzu tisanaume. Ndipo pamwamba pa dothilo panali timizere tating'onoting'ono ta nthambi ya masamba.

Wotchinga moto amapala mothamanga n'kuthawa. Uyu anapala, kenako anasesa.

*

Falida, wogulitsa nsomba, a Makisoni anamupeza pagombe la Kachulu akuwamba milamba pa uvuni wobwereka, pakuti matandala ake onse anali atapsa pamodzi ndi matemba amene ankayenera kupita ku Limbe. Anayamba kulankhula a Makisoni asanayedzeke njinga. Anatchula matandala, anatchula matemba, anatchula chitenje chake chatsopano chimene anasiya mu msasa, anatchulanso makolo a kampaniyo mpaka agogo awo.

"Che Makisoni, mwabwera kudzandipepesa kapena kudzandiyang'ana? Pakuti pogawa malilime inu munali kumunda."

Iwo anangofunsa kumene alonda aja anali pamene moto unkayamba.

Falida anaweramira pa uvuni. Anatembenuza mlamba umodzi, natembenuzanso wina umene unali utatembenuzidwa kale.

"Bwenzi nditanama, koma Mulungu akundiona. Anali pamaliro. Ndinawagawira chakudya ndi manja angawa. Wamtali uja anapempha mbale yachiwiri, ati nyemba zakoma. Kutamanda nyemba pasiwa, Che Makisoni, munamvapo? Utsi utayamba kuoneka onse awiri anali pansi pa mtengo wa mango, m'kamwa muli modzaza."

Ananenanso kuti alondawo anafika maliro asanatuluke m'nyumba ndipo sanasunthe mpaka anthu atabwerako kumanda. Ndiponso alondawo dambo amaliopa. Anamva kuti dzina lake ndi la njoka, moti ngakhale kukadzithandiza amaperekezana.

A Makisoni anafunsa amene sanaoneke pa chakudya. Mkazi wogawa chakudya pamaliro saiwala nkhope, ndipo Falida sanachedwe kuganiza. Mwa amuna a m'mudzi, anasowa ndi Edwadi, amene aliyense ankadziwa kuti wapita ku Zomba, ndi Grain woweta ng'ombe.

"Ndiye Grain ndi fodya wake mukumudziwa. Chaka chatha anatentha denga la nyumba yake yomwe, iye ali m'kati akuimba nyimbo ya m'buku."

*

Grain anali kumtunda, m'mbali mwa mtsinje, atatsamira tsinde la mkuyu, ng'ombe zikubudula tiudzu touma. Anali mkulu woonda, wa chipewa chobooka pamwamba, ndipo fungo la kachasu linkamutsogolera ngati moni.

"Akamwini afika. Ndiye kuti wotentha ndine."

A Makisoni anakhala pansi. Grain anafotokoza yekha. Ng'ombe sizidziwa maliro, zimafuna kudya, choncho anapita nazo kumtunda kusanatenthe. Chipepeso chake anakaperekera kwa Brenda wotcheza kachasu, ndipo anachipereka mokwanira moti Brendayo ndi amene anamudzutsa kuti aone utsi. Akafunsidwe. Iye ndi munthu woledzera, inde, koma si wamisala. Atenthe khola lake kuti ng'ombe azigona nazo pamphasa?

A Makisoni anatola kamtengo n'kujambula pansi: gombe, bango, ndi kamzere kozungulira. Ananena mwachidule zimene anaona, za khasu ndi za kusesa.

Kuseka kwa Grain kunathera pomwepo. Anavula chipewa chija n'kuchiika pabondo.

"Kumunsi, pomwe bango limapinda?"

"Pomwepo."

"Uko si kupala, akamwini. Uko ndi kulambula. Pagona munthu pamenepo."

Ananena kuti zinachitika chaka cha madzi ambiri, a Makisoni asanadzakwatire kuno. Anyamata awiri, mapasa, anatenga bwato la bambo awo kukavuula miono. Anabwerako ndi mmodzi. Winayo nyanja inamubweza patapita masiku, ali moti sakanatheka kunyamulidwa kupita naye kumanda. Akuluakulu anachita monga amachitira ndi womira wotero: anamuika pamene madzi anamusiya, popanda mtanda, popanda mwala. Abale ake sankapatchula, ndipo ambiri amene anakumba nawo anatsikira kuli chete. Kupatula abalewo, m'mudzimo Grain yekha ndiye ankakumbukira, chifukwa ng'ombe zake sankazilola kupondapo.

"Mwina analambula kale," anatero a Makisoni. "Ndi nyengo yake."

"Lolemba madzulo ndinadutsa pomwepo. Udzu unali wofika m'chiuno."

Ndiye kuti munthuyo analambula Lachiwiri, tsiku limene khasu siligwiridwa. Sakanatero pokhapokha akudziwa kuti moto ukubwera.

"Dzina?"

"Innocent. Mwana wa malemu Anthony."

A Makisoni sanafunse za winayo, wobwerako uja. Mayi ake a Innocent anali akhungu tsopano, mlongo wake anali ku Joni. Wotsala wa khasu m'banjamo anali mmodzi yekha, Edwadi, ndipo m'mawa womwewo anali pachulu.

*

Koma munthu sangalambule ku Nalikukuti ali ku Zomba. A Makisoni anapalasanso njinga kubwerera ku Kachulu, pa siteji ya minibasi. Issa, kondakitala wa minibasi yoyamba kunyamuka m'mawa, anali atapachikika pachitseko akuitanira.

"Zomba, madala? Wakutsogolo ulipo, wa mabwana. Njingayo tikweza pamwamba, sitiikana."

Atamva funso anatsika, n'kuyamba kufotokoza ndi manja omwe. Shuwa, a Edwadi anakwera Lachiwiri, jekete, taye, chikwama chachikulu. Anapereka moni kwa aliyense mokweza, ati akupita kukamenyera nkhondo dambo, mpaka amayi ena anawawombera m'manja. Analipira ya Zomba.

"Anafika?"

Issa anakanda m'mutu. Kufika ndiye ayi. Pa mlatho woyamba uja anagogoda denga, ati m'mimba mwawavuta, tisawadikire, akwera ina. Iye sanadandaule, mpandowo anagulitsanso kwa mayi wa tomato.

A Makisoni mlathowo ankaudziwa. Pansi pake pali kanjira kotsata mtsinje, kokatulukira kumpoto kwa dambo osadutsa pakhomo pa munthu aliyense. Anathokoza n'kugwira njinga. Issa anawaitana ali kale pachitseko, akuwaonetsa chala chomanga kansanza.

"Madala, mukawauze abwana anuwo agule pulasitala. Munthu wopita ku ofesi amayenda ndi khasu losazika m'chikwama? Linandicheka pokweza katundu."

*

Dzuwa litapendeka, a Makisoni anaima pakhomo pa Edwadi.

"Alamu, tiyeni mukaone kanthu."

Edwadi anavala nsapato n'kuwatsatira, pakamwa posatseka. Ankanena za alonda, za anyamata amene mitima yawo ikuwira, za mmene kuchedwa kumaperekera mpata kwa mdani. A Makisoni anali patsogolo. Anadutsa zitsa za misasa, anadutsa pamene panali khola. Atayamba kutsetserekera kubango, mawu a Edwadi anayamba kuchepa. Kenako kunangomveka phulusa likuphwanyika pansi pa mapazi.

A Makisoni sanachepetse liwiro. Analunjika pamalo otuwa paja ngati munthu amene sakupaona, nanyamula phazi kuti apondepo.

Dzanja linawagwira pamkono mwamphamvu.

"Musapondepo."

Anabweza phazi. Anayang'ana dzanjalo, nayang'ana mwini wake. Edwadi analitsitsa pang'onopang'ono, ngati si lake.

Sanakane chilichonse. Anakhala pansi pa phulusa, jekete lake lomwelo, n'kumalankhula akuyang'ana kunyanja. Anati bwana wa kampani ija anamuitanira ku tauni, ndipo pa tebulo lomwelo panali mkulu wina wa ku boma. Anamuuza kuti dambo linagulitsidwa kale, za Lachisanu ndi mwambo chabe. Chofunika n'chakuti alendowo asadzapeze zowachedwetsa. Akathandiza, iye adzakhala kapitawo, ndipo azidzalemba ntchito ana a m'mudzi muno m'malo mwa obwera. Kodi boma linayamba lafuna chinthu n'kuchilephera? Iye anaona kuti bola mmodzi wa eni mudzi akhale m'kati. Anasankha tsiku lopanda munthu kudambo, anayeza mphepo kuti mudzi usapse. Atagwira machesi ndi pamene anakumbukira kuti motowo udutsa pa Innocent. Kunena zoona sanakumbukire pamenepo, khasu anali atalitenga kale kunyumba.

Za tenti, zoti anyamata olimba mitima akagone m'chitolokosi Lachisanu lisanafike, a Makisoni sanafunse ndipo Edwadi sanatchule. Onse awiri ankadziwa.

Mbalame za m'madzi zinadutsa pamwamba pawo, zikufunafuna potera.

"Moto munautchinga, alamu," anatero a Makisoni. "Nanga thirakitala?"

Edwadi anayang'ana dothi losesedwalo, kenako zikhomo zoyera zija. Chimodzi chinali kuseri kwa mandawo, cha kunyanja. Innocent anali m'kati mwa munda wa nzimbe.

"Lachisanu mudzaime pano. Mudzanene amene wagona apa, ndi amene anakutumani."

"Adzandimanga."

"Eya."

"Anthu adzandilavulira."

"Eya."

"Ndikakana?"

"Ndidzanena ine. Koma ine ndine mkamwini. M'bale wake ndinu."

Anamusiya pomwepo.

M'mawa mwake anyamata aja anabwera ndi zibonga zawo kudzafunsa za mawa lija. A Makisoni anawauza zinthu ziwiri. Choyamba, si alonda. Chachiwiri, pasapezeke wosesa phulusa kapena kuzula chitsa, koma Lachisanu aliyense adzaime pamene panali chake. Anyamatawo anafuna dzina. A Makisoni anatenga khasu n'kulowa m'dimba la kuseri kwa nyumba, ndipo nkhani inathera pamenepo. Zibonga zinabwerera m'nyumba, anyamatawo n'kumwazikana pa njinga kukauza midzi ina.

*

Lachisanu galimoto ziwiri zinaima kumapeto kwa msewu. Munatuluka mayi wina wa ku boma, Mayi Veronica, amene ankatsogolera gululo, anzawo a ku ofesi, wapolisi, ndi bwana wa kampani atavala magalasi akuda. Bwanayo anayamba kunena akutsika kuti monga akuonera, ndi tchire lopsa chabe. Mawuwo sanawamalize.

Dambo lonse linali anthu. Kuyambira kumtunda mpaka kubango, aliyense anali ataima pa phulusa lake. Alimi anali pa ziputu za mpunga, banja lililonse pa ndime yake. Asodzi anali pa milu ya miono yopsa. Amayi oluka mphasa anagwira mipeni yawo yodulira bango. Grain anali atalowetsa ng'ombe m'khola lopanda mpanda, ndipo zinaima momwemo ngati zikuuona mpandawo. Panali a mpingo ndi a kumzikiti, a kuno ndi a midzi ya kutali amene amadzamweta udzu kamodzi pachaka. Palibe anaimba, palibe anakuwa. Panangomveka chifuwa cha mwana ndi kulira kwa thole.

Mayi Veronica anayang'ana nsapato zawo zoyera, nayang'ana lupsalo, n'kulowa. Ankaima pa munthu aliyense n'kufunsa dzina ndi chimene chinali pamenepo. Anthu ankayankha mwachidule, mitu ili m'mwamba. Falida yekha ndiye anayankha zoposa funso, atanyamula beseni la matemba opserera, mpaka wapolisi anachita kutembenukira kumbali kuti asaoneke akuseka.

Gululo linkatsetsereka pang'onopang'ono. A Makisoni anali pa ndime ya Elenala, maso ali kumunsi. Pamalo otuwa paja panalibe munthu. Alendowo anadutsa asodzi, anadutsa amayi a bango. Panalibebe munthu. A Makisoni anapukuta manja m'buluku n'kuyamba kuyenda, akusanja m'mutu mawu ochuluka kuposa amene analankhula chaka chonsecho.

Bango linagwedezeka. Edwadi anatulukamo wopanda jekete, wopanda nsapato, matope ali m'mawondo. Anaima kunja kwa mzere wosesedwawo. Liwu lalikulu lija linali litatha, moti anthu anachita kusendera kuti amve.

"Apa pagona Innocent, m'bale wanga. Tinabadwa tsiku limodzi. Dambo ili ndinatentha ndine. Anandituma ndi awo a magalasiwo."

Anatchulanso dzina la mkulu wa ku boma uja. Anzawo a Mayi Veronica anayang'anana. Bwana wa kampani anati munthuyo sakumudziwa, kenako anakumbukira kuti ali ndi foni yofunika kuimba ali m'galimoto. Wapolisi anamupempha mwaulemu kuti foniyo idikire.

Phokoso linayamba kumbuyo, kwa anyamata, n'kumabwera ngati mvula ya patali. A Makisoni anafika n'kuima pambali pa Edwadi, phewa ndi phewa, manja ali kumbuyo. Phokosolo linafika pafupi, n'kuzilala.

Mayi Veronica anafunsa ngati pali wina wodziwa za mandawo. Grain anavula chipewa. Kenako nkhalamba ina ya kutsidya la mtsinje inakweza dzanja, inati inagwira nawo fosholo tsiku limenelo. Mayiwo analemba nthawi yaitali. Atamaliza anauza anthu kuti iwo sagulitsa malo ndipo sapatsa munthu malo, ntchito yawo ndi kunena zimene aona. Zimene aona ndi dambo lodzaza eni ake, manda, ndi mlandu wa moto umene wakhudza ogula ndi ogulitsa omwe. Malonda otere sangapitirire. Aima.

Amayi ena anafuna kululutira, koma anaona Edwadi akutengedwa, ndipo nthungululuyo inathera m'khosi. A Makisoni anayenda naye limodzi kudutsa pakati pa anthu mpaka pagalimoto. Palibe anamukhudza. Falida analavula, koma analavulira pansi.

Galimoto zitapita, anthu sanabalalike msanga. Ankangoyendayenda pa lupsapo, akuitanana mayina, akulozerana malire a ndime zawo. Falida anakhuthula beseni lake n'kunena kuti zolemba za mayi uja n'zabwino, koma pepala silinayanikepo matemba.

"Chikwanje muli nacho?" anafunsa a Makisoni.

A Makisoni anachilandira kwa Falida, napinda buluku mpaka m'mawondo, n'kulowa m'madzi kukadula bango la thandala latsopano.